Mafunso ndi mayankho: Kodi AI tiikhulupirire mpaka pati?

Awa ndi mafunso amene anthu amangobwerezabwereza nkhani ya ChatGPT ndi anzake ikayambika, ena amafunsa ali ndi mantha, ena amafunsa atagoma nazo kale moti safunanso kumva choipa chilichonse. Ndayamba ndi ophweka, ndipo pomwe yankho lina lakamba kale nkhaniyo ndingokulozerani komweko.

Kodi AI imene ili m'kamwam'kamwayi ndi chani kwenikweni?

AI, kutanthauza Artificial Intelligence kapena nzeru zopangidwa za makompyuta, ilipo yamitundumitundu, ina takhala tikuigwiritsa ntchito kwa zaka osadziwa n'komwe, monga ija imakusankhirani mavidiyo pa YouTube kapena imazindikira nkhope yanu potsegula foni. Koma imene yautsa mapiri pachigwa ndi iyi yopanga zinthu, yoti mukailembera funso imakulemberani yankho, mukaipempha chithunzi imajambula, mpaka kuyankhula ndi mawu a munthu. ChatGPT ya kampani ya OpenAI inatuluka pa 30 Novembala 2022 ndipo patangotha miyezi iwiri anthu oigwiritsa ntchito ankati afika 100 miliyoni. Pano kuli Gemini ya Google, Copilot ya Microsoft, Claude ya Anthropic, DeepSeek ya ku China, Meta AI imene ili mu WhatsApp, ndi zojambula zithunzi monga Midjourney.

Mmene imagwirira ntchito ndi motere: anaidyetsa zolemba zankhaninkhani zapaintaneti ndi m'mabuku, ndiye inaphunzira kuti mawu akutiakuti amakonda kutsatana ndi mawu akutiakuti. Ikamakuyankhani imakhala ikulosera kachidutswa ka mawu kotsatira, kenako kena, kenako kena, mpaka ndime yonse yatha. Pambuyo pake anthu amaiphunzitsanso kuti iziyankha mwaulemu komanso mothandiza. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa mayankho ambiri m'munsimu atsamira pomwepa.

Ndiye ndiikhulupirire kapena ndisaikhulupirire?

Funsoli limafuna eya kapena ayi, koma yankho lake lili pa ntchito imene mukuipatsa. Ine ndimadzifunsa zinthu ziwiri basi. Choyamba, ikalakwitsa nditha kuona ndekha? Chachiwiri, ndikapanda kuona ndiluza chani? Kuipempha kuti ikonze kalata imene mwalemba nokha, ikufotokozereni phunziro lovuta m'mawu ophweka, kapena ikupatseni maganizo oyambira, pamenepo imathandiza kwambiri ndipo ikakhota mumaona pompo chifukwa nkhaniyo mukuidziwa. Koma kuifunsa mlingo wa mankhwala, zomwe lamulo likunena pa mlandu wanu, deti la chinthu chimene simunachimvepo, apa ndi pomwe pali dzenje chifukwa mulibe choyezera ndipo zikavuta wovutika ndinu.

Nanga bwanji imanama osaphethira n'komwe?

Munthu wabodza amadziwa choona ndiye n'kuchibisa. Iyi ndi nkhani ina, ntchito yake ndi kutulutsa mawu omveka ngati yankho labwino, ndiye pomwe ilibe zokwanira imangodzazapo zofanana ndi zoona, dzina lomveka ngati lenileni, chaka chooneka chotheka, mutu wa buku loti kulibe. Akatswiri amati hallucination, ife tingati kubwebweta. Chopweteka n'choti mawu ake sasintha, yankho loona ndi lopeka zonse zimabwera zosalala bwinobwino, za galamala yabwino, zolimba mtima chimodzimodzi. Ife anthu tinazolowera kuti wosadziwa amachita chibwibwi, amayang'ana pansi, amati kaya. Chizindikiro chimenecho pano palibe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

A BBC anayesa zimenezi ndipo anatulutsa zotsatira mu Febuluwale 2025. Anafunsa ChatGPT, Copilot, Gemini ndi Perplexity mafunso a nkhani zochitika, atolankhani awo n'kuunika mayankho, ndipo 51 peresenti ya mayankhowo anali ndi vuto lalikulu ndithu lamtundu wina. Zatsopano zimabwebweta mocheperako kuyerekeza ndi za 2022, izi n'zoona, koma vutolo silinathe.

Zinachitikapo zoti munthu wagwa m'mavuto chifukwa choikhulupirira?

Kangapo konse. Yotchuka ndi ya ku New York mu 2023, pa mlandu umene munthu wina anasumira kampani ya ndege ya Avianca. Maloya a munthuyo anapereka kukhothi chikalata chotchula milandu 6 yakale ngati umboni, mayina ake, zaka zake, mawu a majaji, zonse zilipo, koma atafufuza anapeza kuti milanduyo kulibe, inapekedwa ndi ChatGPT. Chimene chimandikhudza ine pa nkhaniyi n'choti loyayo anachita kuifunsa ChatGPT yomweyo ngati milanduyo ndi yeniyeni, iyo n'kuvomera kuti eya ndi yeniyeni. Khothi linawalipiritsa $5,000. Ndiye mukaikayikira musamaifunse iyo yomwe kuti "ukunena zoona?", kafufuzeni kwina.

Olo eni akewo zinawagwerapo. Mu Febuluwale 2023 Google ikuonetsa Bard, imene pano ndi Gemini, Bard yomweyo inanena molakwika kuti makina oonera zakuthambo a James Webb ndi amene anayamba kujambula pulaneti la kunja kwa dzuwa lathuli, ndipo mtengo wa masheya a kampaniyo unatsika ndi ndalama pafupifupi $100 biliyoni. Mu Meyi 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inasindikiza mndandanda wopangidwa ndi AI wa mabuku oti anthu awerenge, ambiri mwa iwo oti sanalembedwepo.

Kodi ndine ndekha amene ndikukayika? Anthu ena akuti bwanji?

Simuli nokha ayi. Bungwe la Pew Research Center linapeza kuti mu 2023 anthu 52 pa 100 aliwonse ku America anali ndi nkhawa kwambiri kuposa chisangalalo pa nkhani ya AI, pomwe chaka cha 2022 anali 38, ndiye kuti ChatGPT itatuluka nkhawa inachita kukwera. Koma sikuti dziko lonse likuganiza mofanana. Pa kafukufuku wa Ipsos wa 2022, ku China anthu 78 pa 100 ankati ubwino wa AI ukuposa kuipa kwake, ku America 35 okha.

Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2025, yunivesite ya Melbourne pamodzi ndi KPMG anafunsa anthu oposa 48,000 m'mayiko 47. Amene anati ndi okonzeka kukhulupirira AI anali 46 peresenti, osafika ndi theka lomwe. Koma pa kafukufuku yemweyo, 66 peresenti ya ogwira ntchito amene amaigwiritsa ntchito anavomera kuti amatenga zomwe yatulutsa osaziunika. Apa ndi pomwe ine ndimada napo nkhawa kuposa pena paliponse, pakamwa tikuti sitikuikhulupirira koma manja akukopera n'kutumiza. Kukayika kongoyankhula sikuteteza munthu.

Chifukwa chani mayiko amene akutukuka kumene amaikhulupirira kwambiri kuposa olemera?

Zoti zili choncho kafukufuku wa Melbourne uja anazionetsa, mayiko ngati Nigeria ndi India anali pamwamba. Chifukwa chake ndikupatsani maganizo anga. Komwe dokotala, loya kapena mphunzitsi wapadera ndi wovuta kumupeza, kanthu koti kakuyankheni pakati pa usiku, kosatopa, kosakunyozani kuti funso lanu ndi lachibwana, ndi mphatso yaikulu ndipo munthu sangalakwe kukayamikira. Pomwe kumayiko olemera ambiri ali pa ntchito za muofesi zomwe AI ikuoneka kuti ingazilande, ndiye amaiyang'ana ndi diso lina.

Koma taonani pomwe pakhota. Anthu amene akuikhulupirira kwambiriwa ndi omwenso nkhani zawo, malamulo awo ndi zilankhulo zawo zinalowa zochepa pophunzitsa makinawa, komanso ndi omwe alibe katswiri pafupi woti awatsimikizire. Onaninso funso la Chichewa m'munsimu.

Imandiyankha mwachikondi, imandimvetsa kuposa anthu. Kodi pali cholakwika?

Sindikunyozani, ambiri amamva choncho ndipo sizinayambe lero. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT ku America anapanga kapulogalamu kotchedwa ELIZA komwe kankangotembenuza mawu a munthu kukhala funso, koma sekilitale wake amene ankadziwa bwinobwino kuti ndi pulogalamu anamupempha kuti atuluke kaye m'chipindamo acheze nako payekha. Mtima wa munthu umathamangira chilichonse chimene chikuoneka kuti chikumvetsera.

Chofunika kudziwa n'chakuti makinawa ali ndi chizolowezi chokuvomerezani. Pophunzitsa paja anthu amapereka mamalikisi ku mayankho amene awasangalatsa, ndiye zimaphunzira kusangalatsa. Mu Epulo 2025 OpenAI inachita kubweza zomwe inasintha mu GPT-4o, mtundu wina wa AI ya mu ChatGPT, chifukwa inafika poyamikira chilichonse, olo maganizo oipa. Ndiye mukaifotokozera mkangano wanu ndi mnzanu kumbukirani kuti yamva mbali imodzi yokha, ndipo mbali imeneyo ndi yanu. Yesani kuiuza kuti ikuuzeni pomwe inuyo mwalakwa, kapena ifotokoze nkhaniyo mmene mnzanuyo angaifotokozere. Ndipo ngati mtima walemera mpaka kuganiza zodzipweteka, chonde uzani munthu wamoyo amene angabwere pomwe mulipo.

Zomwe ndimailembera zimapita kuti? Zinsinsi zanga zili bwino?

Zimapita ku makompyuta a kampani, sizikhala mufoni mwanu mokha. Kutengera kampani ndi mtundu wa akaunti, zitha kusungidwa, zina kuwerengedwa ndi antchito awo, zina kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa AI yotsatira. Mapulogalamu ambiri ali ndi pothimitsira zimenezi mu settings, kapezeni pamenepo muthimitse ngati simukufuna. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito zida zimenezi pa makompyuta a kuntchito zitadziwika kuti ena anaikamo zinsinsi za kampani, ndipo kumapeto kwa Malichi chaka chomwecho dziko la Italy linayamba laitseka kaye ChatGPT pafupifupi mwezi wathunthu chifukwa cha nkhani yomweyi ya kasungidwe ka zinthu za anthu.

Pasiwedi, nambala ya chiphaso, za kubanki, musaikemo. Komanso za anthu ena, matenda a m'bale wanu, mayina a makasitomala, chithunzi cha mwana wa eni ake, iwo sanavomere.

Nanga zithunzi, mawu ndi mavidiyo abodzawa, munthu angazindikire bwanji?

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa izi zimakhudza olo munthu amene sanatsegulepo ChatGPT. Mu Malichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma chinazungulira dziko lonse, chinali cha Midjourney, ndipo chinapusitsa anthu ambirimbiri. Icho sichinapweteke munthu. Koma mu Meyi chaka chomwecho chithunzi chabodza cha kuphulika pafupi ndi Pentagon, likulu la asilikali a ku America, chinagwedeza msika wa masheya kwa kanthawi. Mu Januwale 2024 anthu a ku New Hampshire ku America ankalandira mafoni a mawu ngati a Joe Biden owauza kuti asapite kukavota pa chisankho chachipulula. Ndipo chaka chomwecho ku Hong Kong wantchito wa kampani ya Arup anatumiza ndalama pafupifupi $25 miliyoni kwa akuba atachita nawo msonkhano wa pa vidiyo, momwe bwana wa zachuma ndi anzake ena amene ankawaona onse anali opanga.

Kale tinkauzana kuti werengani zala, yang'anani mano, onani zilembo zakumbuyo ngati zapindika. Zimenezo zikutha ntchito chifukwa makina akukonza zolakwikazo mwezi ndi mwezi. Chimene chikugwirabe ntchito ndi kufunsa komwe chinthucho chachokera. Waika koyamba ndani? Ngati ndi nkhani yaikulu chonchi, bwanji nyumba zoulutsa nkhani zodziwika zili chete? Wina akakuimbirani ndi mawu a mwana wanu kapena bwana wanu akufuna ndalama msangamsanga, dulani, muimbe nokha pa nambala imene mumaidziwa. Mabanja ena amagwirizana liwu lachinsinsi loti azifunsana pa nthawi ngati imeneyo, ndi nzeru yabwino. Akuba amadalira phuma, ndiye wokufulumizitsani mukayikireni.

Pali kuipa kwina kumene anthu sakukamba mokwanira. Poti aliyense akudziwa kuti vidiyo itha kupangidwa, munthu wogwidwa pa vidiyo yeniyeni akuchita zoipa pano amangoti "imeneyo ndi AI" basi nkhani yazilala. Ndiye bodza likuyenda ngati choona, choonanso chikukanidwa ngati bodza, ndipo anthu akatopa amangosiya kukhulupirira chilichonse, zomwe ndi zoopsa chimodzimodzi ndi kukhulupirira chilichonse.

Bwanji ndikaifunsa m'Chichewa imalemba zachilendo?

Bwererani ku funso loyamba lija, imadziwa zomwe inadyetsedwa. Zolemba zapaintaneti zambiri zili m'Chingerezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu, za Chichewa ndi zochepa kwambiri. Ndiye mupeza ikupeka mawu oti kulibe, pena kulowetsamo a zilankhulo zina zoyandikana nazo, kapena kulemba Chingerezi chovala mawu a Chichewa choti liwu lililonse ndi lathu koma chiganizo chonse palibe angayankhule choncho. Miyambi ndiye imaimasulira molimba mtima koma mophonya. Ngati nkhaniyo ndi yofunika ndipo Chingerezi mumachimva, funsani m'zilankhulo zonse ziwiri muone ngati mayankho akugwirizana. Ndipo chikalata chopita kwa anthu, makamaka cha zaumoyo, chisatuluke munthu wodziwa chilankhulo asanachiwerenge.

Aphunzitsi akuti ndalemba ndi AI pomwe ndalemba ndekha. Makina ozindikira aja ndi odalirika?

Osati mpaka pogamulira mlandu. OpenAI yeniyeniyo inatulutsa chida chozindikira zolemba za AI mu Januwale 2023 ndipo pofika Julayi inachichotsa chifukwa chinkaphonya kwambiri. Ofufuza a ku Stanford chaka chomwecho anapeza kuti zida zoterezi zinkanamizira zolemba zoposa theka za anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, chifukwa choti amagwiritsa ntchito mawu ophweka. Sungani zomwe munayamba kulemba, manotsi anu ndi mbiri ya fayilo, ndipo pemphani kuti akufunseni pakamwa za zomwe mwalembazo. Kwa aphunzitsi, njira yomweyo ndi imene ili yachilungamo, wolemba yekha amatha kufotokoza chifukwa chimene anaikira ndime iliyonse.

Ndimaigwiritsa ntchito kuofesi koma ndimabisa. Ndi zolakwika?

Pa kafukufuku wa Melbourne uja 57 peresenti ya ogwira ntchito anati amabisa. Ambiri amaopa kuoneka aulesi. Vuto la kubisa ndi loti amene akulandira ntchito yanuyo sadziwa kuti pafunika diso lachiwiri. Funsani lamulo la pantchito panu, ngati palibe ndi bwino kuyambitsa nkhaniyo, ndipo chilichonse chimene mwasainira ndi chanu olo chilembedwe ndi makina.

Olemba ndi ojambula akwiyiranji?

Chifukwa ntchito zawo ndi zomwe zinadyetsedwa ku makinawa, ambiri osapemphedwa komanso osalipidwa, kenako makina omwewo akupikisana nawo pa msika. Kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images inasumira Stability AI, yopanga AI yojambula zithunzi, mu 2023, The New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu Disembala chaka chomwecho, ndipo olemba mafilimu a ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148, AI ili imodzi mwa nkhani zikuluzikulu. Makampani amati kuphunzira kuchokera pa zolemba si kuba, eni zolemba amati ndi kuba ndithu. Palinso anthu amene satchulidwa kawirikawiri. Magazini ya Time inaulula mu Januwale 2023 kuti antchito a ku Kenya, olembedwa kudzera ku kampani ya Sama, ankawerenga zinthu zonyansa ndi zankhanza tsiku lonse kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa, akulandira ndalama zosakwana $2 pa ola. Munthu akati sakhulupirira AI nthawi zina sakunena za mayankho ake, akunena za makampani amene ali kumbuyo kwake, ndipo zifukwa ali nazo.

Ikandisocheretsa ndikadandaule kwa ndani? Malamulo alipo?

Akubwera koma pang'onopang'ono. Mayiko a UNESCO anagwirizana mfundo za kagwiritsidwe ntchito kabwino ka AI mu 2021, African Union inavomereza ndondomeko yake mu Julayi 2024, koma izi ndi zolangiza chabe. Limodzi mwa malamulo enieni okhala ndi zilango ndi la European Union limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024 ndipo zigawo zake zikulowa m'magawomagawo.

Mlandu umene umandipatsa chiyembekezo ndi wa ku Canada mu 2024. Munthu wina agogo ake atamwalira anafunsa AI ya pa webusaiti ya Air Canada za mtengo wotsika wa opita kumaliro, iyo inamuuza kuti agule tikiti kaye adzapempha kubwezeredwa pambuyo, zomwe sizinali lamulo la kampaniyo. Kampani inayesa kunena kuti chidacho chili ndi udindo pachokha, koma bwalo linakana n'kulamula kuti ilipire. Ndiye kampani ikaika AI kuti iziyankha makasitomala, mawu akewo ndi a kampaniyo, jambulani sikirini musunge. Koma mukatsegula nokha ChatGPT kapena Gemini, muona pansi analembapo kale kuti itha kulakwitsa, katundu yense anakusenzetsani inu.

Ndingaifunse za matenda?

Kuti mumvetse mawu ovuta amene adokotala anena, kapena mukonze mafunso oti mukafunse kuchipatala, eya imathandiza. Kuti ikuuzeni chimene mukudwala kapena musiye mankhwala, ayi. Siingakugwireni, siingakuyezeni magazi, imangodziwa zomwe mwaiuza ndipo wodwala nthawi zambiri sadziwa kuti chofunika kutchula ndi chiti. Yezani ndi mafunso awiri aja a m'funso lachiwiri muona nokha.

Akuti olo amene anaipangawo amaiopa, zoona?

Ena mwa iwo eya. Geoffrey Hinton, mmodzi mwa amene anayala maziko a zonsezi ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2024, anachoka ku Google mu 2023 kuti aziyankhula momasuka za kuopsa kwake. Mu Malichi 2023 anthu ambirimbiri kuphatikizapo Elon Musk ndi Steve Wozniak anasainira kalata yopempha kuti ntchito yopanga AI zamphamvu kwambiri iime kaye miyezi 6, koma palibe anaima. Akatswiri ena monga Yann LeCun amati mantha amenewa ndi okokomeza, enanso amati kukamba kwambiri za zoopsa za m'tsogolo kukuphimba mavuto amene alipo kale lero, monga amene takamba m'mwambamu. Iwo eniwo sakugwirizana.

Masiku ano imaika malinki osonyeza komwe yatenga nkhani. Si zokwanira zimenezo?

Ndi zabwino kuposa kale ndipo ngati pulogalamu yanu ili ndi mwayi wofufuza pa intaneti muziuyatsa. Koma linki ndi umboni pokhapokha mwaitsegula. Zimachitika kuti tsambalo lilipo ndithu koma silikunena zomwe AI yanena, kapena likunena za dziko lina, kapena ndi la zaka zisanu zapitazo, kapena ndi nthabwala imene wina analemba. Mu Meyi 2024 mayankho a AI a pamwamba pa Google Search anauza anthu kuti azidya kamwala kamodzi patsiku, nkhani imene gwero lake linali webusaiti ya nthabwala ya The Onion. Ndiye dinani linkiyo, pezani chiganizo chenicheni chimene chikunena zomwe mukufunazo, onani amene analemba ndi deti lake. Mukaona kuti chiganizocho palibe, itengeni mfundoyo ngati yosatsimikizika ndipo musaitumize kwa ena mpaka mutaipeza pamalo ena odalirika.